Ma iris a mayi Peggy

Esnat Chikaonda amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Edmonton, dera la mumzinda wa London, koma mumtima ndi mlimi wa ku Ntcheu. Ali ndi kadimba kobwereka kuseri kwa njanji, ndipo chomera chosadyedwa sachipatsa malo. Maluwa amati ndi ntchito ya anthu okhuta.

Amene adamusokoneza ndi mayi Peggy, gogo wa ku Zimbabwe wa makolo a ku Malawi, mmodzi mwa omwe ankawasamalira. Iwo ankalimbikira kuti maluwa awo otchedwa iris amaphuka kawiri pachaka, mu Meyi ndi mu Okutobala. Mwana wawo Weston ankangoseka.

"Mwamva, sister? Iris ndi ya spring, mu Meyi basi. Mutu unapita uwu," ankatero, amayi ake ali pomwepo.

Mawuwo ankamunyansa Esnat. Munthu wokubala n'kumamuyesa chitsiru pamaso pa alendo! Nyumba ya gogoyo isanagulitsidwe, anakapempha mizu ingapo ya maluwawo.

Anaidzala ngati mbatata: mzere wautali, manyowa ambiri, n'kukwirira bwinobwino. Palibe adamuuza kuti muzu wa iris umafuna msana wake ukhale pamtunda, uziombedwa ndi dzuwa. Mvula ya ku London itachita zake, masamba onse anagwa. Atafukula, zala zinalowa m'chiphala chachikasu. Fungo lake! Matewera a kuntchito sadamusanzitsepo, koma tsikulo anasanza. Anadzitukwana, n'kutukwananso maluwawo.

Kamuzu kowonda kamene adakataya pamiyala pafupi ndi mpanda tsiku lodzala ndi komwe kanagwira. Mu Meyi kanatulutsa duwa loyera. Esnat sanatekeseke, poti mu Meyi iris iliyonse imatero. Anadikira, uku akunyinyirika kuti pamzere wowolawo pakanamera nkhwani.

Pakati pa Okutobala, kukuzizira kale, panatuluka phesi lina, maluwa atatu mbee! Kuthyola sanafune, podziwa kuti Weston anena kuti ndi ogula kushopu. Anazula chomera chonse ndi dothi lomwe, n'kuika m'ndowa, n'kukwera nayo basi kupita kuntchito Lamulungu, tsiku limene Weston amabwera kudzaona amayi ake.

Weston anaiyang'anitsitsa ndowayo. Mayi Peggy anasisita duwa limodzi kwa kanthawi, kenako anatembenukira kwa mwana wawo ndi funso lomwe madokotala ankawatopetsa nalo poyesa ngati mutu wawo ukugwira.

"Weston, tandiuza. Uno ndi mwezi wanji?"