Ntchito ya Selotepu

Atandiyankha kuti ntchito ndaipeza ku Ulaya, ine ndinafuna kukana. Abambo anali atayamba kale kutsokomola, chifuwa chosamva mankhwala. Ndinawapeza m'chigafa kwathu ku Simlemba akusoka fodya, n'kuwauza kuti ndidikira kaye achire.

"Udikira chiyani? Ndiwe dokotala wa chifuwa iwe?" anatero. "Tandiuza, ntchito yake ndi yotani?"

Ndinawafotokozera kuti timatenga chakuda chija cha m'kati mwa pensulo, n'kumachisenda ndi selotepu mpaka patsale kachidutswa kopyapyala ngati atomu imodzi, koti maso sangakaone. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Sukulu yonse ija, fodya wanga yense uja, ukukamata selotepu? Pita mwanawe, usatichititse manyazi."

Ndinapita. Ntchito ndinaikonda, ndisaname. Tsiku loyamba kuona kachidutswa kanga pa maikulosikopu ndinavina ndekha ngati wamisala. Koma m'chipinda chathu chofufuzira umalowa utakutidwa thupi lonse ndi zovala zoyera kuopa fumbi, ndipo foni imatsala panja. Tikaweruka, aliyense njira yake. Ine n'kukhala ndekha m'kanyumba kozizira, kutumiza ya feteleza, kuimba kumudzi.

"Ndili bwino, ndikudya," ankatero abambo. Bodza lenileni! Achimwene anandiuza kumbali kuti munthu watheratu. Ndinapempha tchuthi. Mabwana anandiyankha mwaulemu kuti watsopano amadikira miyezi yoyesedwa ithe, ndipo ndikasiya ntchito, chilolezo chokhalira m'dzikomo chithera pomwepo. Ndinauza abambo kuti apirire, ndifika pa Khirisimasi.

Tsiku lina masana nditatuluka m'chipinda muja, ndinapeza achimwene ataimba kosawerengeka. Abambo anandiitana m'mawa wonse, achimwene atawagwirizira foni kukhutu, ine ndili kalikiliki ndi selotepu. Pamene ndinkaimba n'kuti atatsamaya kale. Maliro a bambo anga ndinawaonera pafoni. Mpaka lero mtima umandipweteka, sindibisa.

Ndinafika mvula itagwa, anthu ali yakaliyakali kuwokera fodya. Anandilandira bwino, anandiperekeza kumanda, ndinalira. Iwo anangoima kundidikira, chifukwa misozi yawo inali itauma kale.

Kwathu maliro akatha, apabanja onse amameta. M'mawa mwake ndinagula lezala, n'kupita kwa azakhali, mlongo wa abambo.

"Azakhali, ndimeteni nanenso."

Anavula duku kundionetsa mutu wawo.

"Aa, mwanawe, kumeta tinameta kalekale. Taona, lathu linamera. Ukameta wekha lero, anthu azifunsa kuti wamwaliranso ndani."

Anandipinditsa zala pa lezala lija, anasenza mbande zawo, ulendo wa kumunda. Ndinatsala pakhonde ndekha, tsitsi langa lonse lili pamutu.