Katundu wa sitolo yomaliza ndiye amayamba kukwera

Makireti makumi anayi a mkaka anabwerera ku fakitale atasasa, ndipo aliyense ankadziwa amene wachititsa. Mayi wokonza maulendo a malole anaima pakhomo la mosungira katundu, maso ali pansi, fungo likumulowa mpaka m'tsitsi. Pa desikiyo anali atangokhalapo sabata ziwiri.

Cholakwa chake chinali chaching'ono pochiona. Polemba pepala lopakirira, anayamba ndi sitolo yoyamba kufikako, monga timalembera mayina m'kaundula. Opakira anamvera pepala. Katundu wa sitolo yoyamba anakakhala mkati mwenimweni mwa lole, wa sitolo yomaliza pakhomo. Paliponse poima ankatsitsa makireti onse padzuwa kuti apeze ofunikawo, n'kukwezanso otsalawo. Pofika masana mapaketi anali atatupa.

Bwana sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Desiki muyambe mwaisiya, mayi. Mukapakire katundu panja mwezi umodzi. Ukatha ndiona ngati mubwerere kapena tisiyane."

Kunyumba mayiyu ankasiya khanda la miyezi isanu ndi iwiri m'manja mwa apongozi ake, amene ankauza aliyense wowapatsa moni kuti mkazi wa mwana wawo ndi wa mu ofesi. Akanayambira pati kuwauza? M'mawa ankatuluka atavala siketi yosita bwino, n'kukavala ovolosi m'chimbudzi cha kuntchito. Madzulo ankasamba m'manja kawiri, kununkhiza zala, kenako n'kunyamula mwana.

Opakira anamupatsa dzina lakuti Asasitsa.

"Asasitsa, kireti iyi ikwere poyamba kapena pomaliza? Tiuzeni, a sukulu ndinu."

Mayiyu ankangopitiriza kusenza makireti. Koma tsiku lachinayi anapita kwa dalaivala wamkulu, bambo wa imvi amene ankamuseka kuposa onse.

"Bambo, mawa mundinyamuleko. Ndikufuna ndikaone njira."

"M'lole mwanga mulibe mpando wozungulira, mwana wanga."

"Ndikhala kumbuyo ndi makireti."

"Simunakhute nawo makireti?" Anaseka mpaka kutsokomola, koma m'mawa anamutsegulira chitseko.

Panjira anaona zimene mapu a mu ofesi sankanena. Msewu wa kumsika umadzaza ogulitsa dzuwa likangokwera, ndiye kumeneko n'kofunika kulawirira ngakhale kuli kutali. Sitolo yaikulu silandira katundu isanakwane teni koloko, ndipo lole inkangoima pageti mkaka ukutentha. Mayi wina wa kagolosale ali ndi furiji yolowa makireti atatu okha, koma ankamutulira asanu ndi limodzi kamodzi pa sabata. Chimene chinamudabwitsa kwambiri n'chakuti malole awiri a fakitale yomweyo ankapambana pamsewu umodzi, akuimbirana mahutala, onse katundu ali theka. Zonsezi ankalemba m'kope, pensulo ikudumpha pa mabampu.

Sabata yachitatu, akuyendabe ndi lole ija, anaima pa sitolo ina pafupi ndi kwawo. Anavala chipewa mpaka m'maso, akupemphera chamumtima. Atangosenza kireti, anamva kulira kumene akanakuzindikira pakati pa ana chikwi. Potembenuka, apongozi, khanda lili kumsana.

Anamuyang'ana kuyambira chipewa mpaka jombo.

"Ofesi ija ndi imeneyi?"

"Ndinalakwitsa ntchito, amayi. Anandichotsa pa desiki."

"Ovolosiyo ndilibe nayo mawu. Bodzalo ndiye landipweteka. Tsitsani katunduyo, anthu akudikira. Tikakambirana kunyumba."

Anatsitsa makireti aja misozi ikugwera pa mapaketi. Dalaivala uja sananene nthabwala mpaka kufika ku fakitale.

Mwezi utatha anagogoda kwa bwana, pepala lili m'manja. Anali atagawa masitolo m'njira zitatu zosapambana, iliyonse motsata nthawi imene eni sitolo amatsegula. Wa furiji yaing'ono azilandira pang'ono, kawiri pa sabata. Pansi pa njira iliyonse analemba kapakiridwe kake, kuyambira sitolo yomaliza.

Bwana anaitanitsa dalaivala wamkulu uja. "Zingatheke izi?"

Bamboyo anatsata mizere ndi chala, n'kukanda m'mutu. "Apa pokha asinthe, pali sukulu, ana amadzaza msewu. Kwinaku mwanayu wayenda ndi maso."

Anayesa sabata imodzi. Malole ankabwerera nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ndipo palibe paketi imene inabwezedwa.

"Lolemba mubwerere pa desiki," anatero bwana. "Koma Lachisanu lililonse muzikwera lole."

Lero mayiyu amakonza maulendo a malole asanu ndi anayi, kuchokera kwa alimi okama mpaka ku kagolosale komaliza. Asanasainire pepala, amaliwerengabe katatu.

Inu amene mukuyenda chozemba chifukwa munalakwitsa anthu akuona, ndikudziwa mmene nkhope imalemerera. Koma manyazi sanaikitsepo munthu m'manda. Bwererani pomwe munagwerapo, mukafunse ngakhale kwa amene akukusekaniwo. Cholakwa chimodzi chisakutayitseni mtima.