Chidendene Changa pa Msana wa Ababa

Fungo la nsatsi zokazinga likandipeza, ngakhale ndili pakati pa phokoso la mu Limbe, ndimabwerera ku Chinyonga, nyengo ya chiperoni, ndili ndi zaka khumi. Ababa ankayendetsa minibasi ya eni yopita ku Chirimba, pampando wotha siponji. Chaka chimenecho msana unawagwira m'munsi, cha m'chiunomu. Akaweruka ankagona chafufumimba pamkeka, ine n'kumawaponda pamsana nditagwira khoma, monga amachitira ana ambiri.

Lachitatu lina ababa anandikwapula chifukwa ndinagulula dzino la mnzanga kusukulu. Mtima wapachala ndinabadwa nawo, sindibisa. Atandiitana kuti ndiwaponde, ndinakwera ndi mkwiyo wonse n'kukhomera chidendene pafupa penipeni. Anabuula kamodzi kokha. Kutacha analephera ngakhale kumanga zingwe za nsapato. Mwini minibasi anatumiza uthenga woti akapanda kuoneka Lolemba, makiyi apatsa wina.

Kenako kunabwera Che Jafali, oyandikana nawo nyumba, amene anakalambira pa chiwongolero cha malole a ku Beira. Anakazinga nsatsi pambaula, amayi n'kusinja, kenako anaziwiritsa mpaka mafuta atayandama, n'kuwayengula ndi supuni. M'nyumba munadzaza utsi ndi fungo la masamba a bulugama othowera amene tinakathyola ku Kanjedza. Koma zala za Che Jafali zinali zitapindika ndi nyamakazi. Anaona pamene panada pamsanapo, n'kuyang'ana mapazi anga.

"Chidendene ichi ndi saizi yako, iwe chigawenga. Waononga ndiwe, ukonzanso ndiwe."

"Ameneyo andimaliza, Che Jafali," anatero ababa, nkhope ili mumkeka.

"Akakumalizani minibasi ndiyendetsa ine, musadandaule."

Ababa anaseka, msana n'kuwabaya, koma sanandikanize.

Che Jafali anandiuza kuti ndiyambe ndafunditsa mafutawo m'manja. Fupa la pakati osalikhudza. Zala zazikulu zizitsata mnofu mbali zonse ziwiri, kuchoka m'chiuno kukwera pang'onopang'ono. Ndikafulumira ankandigogoda pamkono ndi ndodo yawo. "Ukukanda ufa wa mandasi? Msana umamva mtima wa munthu."

Ndinkasisita m'mawa ndi masana, mvumbi ukunong'ona pamalata. Kumanzere kunali kamnofu kouma ngati mwala, ndipo ndikafikapo mpweya wa ababa unkaima. Ndinaphunzira kudikira mpaka atapumanso. Loweruka kamwalako kanafewa. Lolemba anamanga okha nsapato, ananyamula pilo woika pampando, n'kulowa mu nkhungu. Za chidendene sanazitchulepo mpaka lero.

Nthawi imeneyo ndinkati anawachiritsa ndi mafutawo, mpaka ndinabisa kabotolo kotsala kuseri kwa kabati ngati mankhwala amatsenga. Sukulu ndinasiyira fomu wanu, pano ndimanyamula matumba a simenti, ndipo anzanga msana ukawavuta amafunafuna ine. Ntchitoyi ndimaidziwa, ndipo amene ululu wake watsikira m'mwendo ndimamuuza mosanyengerera kuti apite kuchipatala. Mafuta amangofunditsa ndi kutereretsa dzanja, basi. Manja omwewa amenyapo anthu angapo. Koma ndikawafunditsa ndimakumbukira kuti ababa, akudziwa bwino lomwe amene anawapweteka, anagonanso chafufumimba n'kundipatsa msana womwewo.