Kandege Kanga Kanalowa Pasiwa Popanda Odi

Wolakwa ndine, ndipo sindikufuna kuti wina andichepetsere mlandu. Ine ndinavula mayi wamasiye pamaso pa Harare yense. Sindinawakhudze ndi dzanja ayi, ndinachita izi ndi kandege kojambulira kaja amati droni. Inu owerenga, makamaka inu amene mwayamba kuulutsa tindege timeneti m'malokeshoni, khalani pansi mumve, chifukwa zimene zinandichitikira sizigulitsidwa pamodzi ndi droni kusitolo.

Ndinabadwira m'malaini akale a pafupi ndi Lochinvar, momwe agogo anga anafikira atachoka ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji. Nyumba zake ndi za njerwa zofiira, zoyalana ngati mizere ya m'munda, kuseli kuli mango ndi nzimbe, ndipo mabafa ambiri ndi akunja, opanda denga. Kuyambira kusukulu anzanga Achishona ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza obwera a ku Blantyre, ngati kuti tauni ino inamera yokha ngati bowa. Zinkandipsetsa mtima. Choncho nditagula droni yogwiritsidwapo kale kwa mnzanga wa kufakitale ku Msasa komwe ndimagwira ntchito, ndinalumbira kuti ndijambula malaini athu onse asanagumulidwe, anthu aone zimene manja a agogo athu anamanga.

Mavidiyo anga oyamba anali ochititsa manyazi, ndisaname. Ndinkaulutsa masana dzuwa lili paliwombo, kandege kali kutalitali, nyumba n'kumaoneka ngati timabokosi ta machesi. Ndinaphunzira pang'onopang'ono. Ndinazindikira kuti lokeshoni yakale imakongola ukatsika pafupi ndi madenga, ukamayenda mosathamanga, kamera itayang'ana pansi. Ndinazindikiranso kuti kuwala kwabwino ndi kwa dzuwa likungotuluka, pamene mithunzi ndi yaitali ndipo njerwa zimafiira bwino. Vuto linali fumbi ndi utsi wa mwezi wa Okutobala. Milungu itatu ndinkadzuka m'mamawa, kuyang'ana kumwamba, kubwerera m'nyumba ndikung'ung'udza.

Kumapeto kwa milungu imeneyo kunagwa maliro panyumba yachisanu kuchokera kwathu. Anamwalira amuna awo a Mayi Nachisale, mayi amene anabwera kuchokera ku Tete nthawi ya nkhondo ndipo anandibereka kumbuyo ndili khanda amayi anga akapita kumsika. Kumanda ndinapita, fosholo ndinagwira. Titabwerako kunagwa mvula yoyamba, fumbi lonse n'kugona. Bambo anga atandiona ndikutchaja mabatire anangoti, "Pasiwa pasanasesedwe, chinthu chakocho chikhale m'bokosi." Ine ndinayesa akunena za phokoso. Ndinati mumtima, aaa, akuluakuluwa, kandege kangolira ngati njuchi mphindi zisanu, kadzutsa ndani? Sindinafunse. Safunsa anadya phula.

M'mawa mwake kumwamba kunali mbee! Ndinaima pabwalo la mpira, ndikukaulutsa motsata mzere wathu, motsika, mofatsa, kamera ili chozondoka. Pakasikirini ka foni ndinkangoona madenga onyowa akunyezimira, masamba a mango, mithunzi. Madzulo ake ndinaika kanyimbo, ndikuponya vidiyoyo pa intaneti osaionera n'komwe pakompyuta. Anthu anayamikira, ena ali ku Joni, ena ku Ulaya, akulira kuti aona nyumba zomwe anabadwiramo. Mutu wanga unakula.

Koma mwambo wathu ndi uwu, ndipo ine mwana wa m'tauni ndinkangoumva patali. M'mawa wotsatira tsiku loika maliro, amayi achikulire amatenga wamasiye kupita naye kuseli anthu asanayambe kuyendayenda, n'kukamumeta ndi kumusambitsa. Mwamuna sayandikira, mwana sasuzumira. Amayiwo anatchinga khomo la bafa ndi zitenje, anaikanso mmodzi pakona kuti abweze aliyense wodutsa. Kumwamba kokha ndiko sanatchinge, chifukwa kuyambira kalekale kumwamba kumadutsa mbalame basi. Kandege kanga kanadutsa pamenepo masekondi anayi. Wina wake wopanda ntchito anaimitsa vidiyo, anakulitsa chithunzicho, anadula kachidutswa, n'kukamwaza m'mafoni atalembapo kuti onani zimene amachita mabhurandaya. Mayi Nachisale ankaoneka bwinobwino, atakhala pakampando, mutu wometa, thupi lili pamtunda.

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa uku ndiko kumandiluma kwambiri. Bambo anandiuza kuti ndichotse vidiyoyo nthawi yomweyo. Ine ndinakana! Ndinawauza kuti chilolezo choulutsira ndili nacho, kuti mlengalenga mulibe mwini, kuti wolakwa ndi amene wadula kachidutswayo. Mumtima ndinkangoganiza za kuwala kuja komwe ndinakudikira milungu itatu. Bambo sanakweze mawu. Anandifunsa kuti, "Chilolezo chakocho anasainira ndi Mayi Nachisale?" Ndinakhala masiku awiri ndili gwa. Pamene ndinkachotsa, kachidutswa kaja kanali katafika kale kumsika, kumpingo, ngakhale kwa abale awo ku Tete. Madzi akatayika saoleka.

Mayiwo anasiya kutuluka m'nyumba. Atayesa kupita kukagula tomato, anyamata ena pashopu anawalozera foni akuseka. Mlungu usanathe mwana wawo wamkazi anabwera ndi lole, anapakira katundu, n'kupita nawo ku Sunningdale. Anachoka m'nyumba imene anakhalamo zaka zonse za ukwati wawo, zovala zakuda zili m'thupi.

Ndinapita ku Sunningdale kukapepesa pamodzi ndi bambo. Ndinagwada pakhonde, ndikudikira kuti anditukwane, ndipo kunena zoona kutukwanidwa kukanandipepukira. Mayi Nachisale, mpango uli kumutu, anati, "Mwanawe, uli wamng'ono sunkalowa pakhomo panga osanena odi. Ukanati odi, ndikanakuuza kuti dikira kaye." Ndinawapempha kuti abwerere kumalaini. Anapukusa mutu. Anati anandikhululukira, koma sangayendenso mumsewu momwe aliyense anawaona.

Tsono anthu anagawikana pa ine, ndipo onsewo ndawakana. Ena anati ndiswe kandegeko ndi hamala, ena ankanditcha mfiti youluka masana. Sindikaswa! Kandege sikanamve chenjezo la bambo anga n'kulinyoza, ndinanyoza ndine. Kukaswa ndiye kunamizira chitsulo mlandu wa munthu. Enanso, anzanga ojambula, amandisisita kuti usadandaule, inali ngozi chabe. Iwonso andisiye. Masekondi anayi aja mwina anali ngozi, koma masiku awiri ndinakana kuchotsa aja sanali ngozi. Ndipo inu amene munatumizirana kachidutswako mukuseka, lero n'kumandiloza chala, musadzione oyera. Ine ndinatsegula denga, inu munaitana anthu kudzaonerera.

Malainiwa ndiwajambulabe, ondiletsawo afune asafune, chifukwa mbiri ya agogo athu sidzasungidwa ndi amene amatitcha obwera. Koma tsopano ndimayamba ndi miyendo. Kukatsala tsiku limodzi kuti ndijambule ndimayenda nyumba ndi nyumba, kunena odi, kuwauza ola limene ndidutse ndi mbali imene kamera iyang'ane. Pakakhala maliro, wodwala kapena mayi wongobereka kumene, kandege kamagona m'bokosi ngakhale kumwamba kuyere chotani. Ndikajambula ndimaonera pakompyuta chidutswa ndi chidutswa, kenako ndimakaonetsa eni nyumba ndisanaponye kulikonse. Chodabwitsa n'chakuti mavidiyo anga akongola kuposa kale. Madala ena amandilozera pomwe panali mpope woyamba, pomwe ankavinira Loweruka, zinthu zimene ndikanazidutsa osadziwa.

Inu owerenga, ngati mukufuna kuti mavidiyo anu a matauni akale akhale abwino, phunzirani za kuwala, tsikani pafupi, yendani mofatsa, zonsezo n'zoona. Koma kumbukirani kuti pansi pa madenga okongolawo pali anthu amene anamanga mipanda yotchinga m'mbali mokha. Wamkulu akakuletsani chinthu, funsani chifukwa chake m'malo moganizira nokha. Ndipo mukalakwa, chotsani ola lomwelo, kukangana muzichita pambuyo.

Mzere wathu ndinaujambulanso chaka chatha, nyumba iliyonse itandilola. Inatsala imodzi. Nyumba yachisanu ija ndi yotseka mpaka lero, udzu wamera mpaka pakhomo la bafa. Ndinaima pageti ndikunena odi katatu, palibe anayankha. Choncho mukadzaonera vidiyo imeneyo mudzaona kandege kakuyenda bwinobwino motsata madenga, kenako kakukhota mwadzidzidzi kupita kumsewu, n'kubwereranso mumzere patsogolo. Anzanga amati pamenepo ndinaononga ntchito, ndikonze. Sindikonza. Mwini nyumbayo sanandiuze kuti lowa.