Galimoto Imene Inandisiya Ndinaikankha Ndekha

Anzanga, ine Damião ndinadziwana naye pomukankhira galimoto.

Zinali zaka za nkhondo zija, ku Lifidzi. Ndikuchokera kumunda, ndinapeza chigalimoto chakale cha ku Mangalande chili njo pamsewu, mnyamata atasuzumira pazenera.

"Mana, chemwali, tandikankhaniko pang'ono."

"Epa! Ndi galimoto kapena ngolo?"

"Bateriya inafa, nkhondo ino mungaipeze kuti? Koma ikangolira, siigona panjira."

Sankanama. Tsiku lililonse inkanyamula mbatata kupita ku Domwe, m'matope, m'mapiri, osatsokomola n'komwe.

Tinakondana. Ine ndinkakankha, ikalira iye n'kutsegula chitseko, ine n'kuthamanga kudumphiramo. Sankaima, ati ingazime. Mpando wakutsogolo unali wanga.

"Amor, iwe ukakhala kumbuyo kwanga sindiopa kanthu," ankatero.

Ine kumangosekerera... uchitsiru!

Msuweni wanga Efigénia atayamba kupempha kukwera nawo, ndine ndinamupempherera. Iye sankakankha, ati chifuwa.

Ndiye tsiku lina masana mfuti zinalira kuseri kwa phiri. Anthu balala! Damião anati tithawire ku Dedza. Ndinaponya kamtolo kanga kumbuyo, Efigénia anali atakwera kale.

"Kankha, Emilia! Kankha!"

Ndinakankha ndi mphamvu zanga zonse. Inalira.

Ndinathamangira chitseko... chotseka. Pampando wanga panali Efigénia, nkhope atayang'ana kumbali. Ndinamenya chitseko, ndinakuwa dzina la Damião. Iye anandiona pagalasi, anzanga. Maso athu anakumana, iye n'kuwonjezera moto.

Malire ndinawoloka wapansi, kudzera m'tchire, mapazi atang'ambika, ndikubisala m'mapesi ngati mbewa.

Ku Dedza galimoto ija ndinaipeza pamsika ili bwinobwino, ikukweza matumba. Efigénia atakhala kutsogolo, atavala kapulana yanga, nsalu ya m'kamtolo muja.

Damião anayamba kukanda m'mutu.

"Umadziwa iwe, ndikaima imazima."

"Nanga chitseko? Nachonso chimazima?"



Mpaka lero zimandiwawa. Anthu ankaitama galimoto ija kuti ndi yokhulupirika, ndipo n'zoona, aliyense amene anali m'kati inamufikitsa. Ine sindiida. Ndimada manja angawa, amene anakankha anthu awiri kupita ku ukwati wawo.

Atsikana, mwamuna akamakuyamikira kuti umamukankha bwino, uziyang'ananso amene wakhala kutsogolo.