Kugogoda m'Chigafa cha Malemu Mphepo

Inali 6 koloko m'mawa, mame asanaume, koma Sunganani anali kale m'chigafa cha fodya cha malemu bambo ake ku Lisasadzi, akuyenda mzati ndi mzati. Akafika pamzati ankaugwira, n'kulankhula Chingerezi, n'kusunthira pa wina. Amayi opita kudimba ankalambalala. Ankati sukulu yamuzunguza mutu mwana wa a Mphepo.

Misala analibe. Chibadwire, zilembo zinkamubalalikira papepala ngati nyerere zopondedwa, koma chimene wamva ndi khutu sichinkatuluka. Anakwawa choncho mpaka kuyunivesite. Kumeneko analephera phunziro la zanthaka, ndipo anamupatsa mwayi umodzi wobwereza. Akalepheranso, basi, abwerere kumudzi kudzasoka fodya.

Kusukuluko kuli mayi wina amene amaphunzitsa ophunzira a vuto ngati lakeli njira zowerengera. Iyeyo anamuuza kuti, "Peza munthu azikuwerengera, uzijambula mawu pafoni. Mutu uliwonse uupachike pamalo amene umawadziwa bwino. M'mayeso uzikangoyenda m'malomo ndi maganizo."

Malo amene Sunganani ankawadziwa anali chigafachi. Ali mwana ankawerengera mommuno, bambo ake akupachika fodya pamikangala. Mkuluyo sankadziwa ndi "a" yemwe, koma akamva mwana akudodoma ankagogoda mzati kawiri, kutanthauza kuti bwereza. Anamwalira chaka chija makuponi a feteleza anafika mvula itagwa kale.

Womuwerengera patchuthipo ndinali ine mlamu wake, wolekezera Sitandade 8, mwana ali kumbuyo.

M'mawa umenewo, akumvetsera pafoni zimene ndinamuwerengera m'chigafamo dzulo lake, anamva pansi pa mawu anga: go, go. Anabweza. Go, go, pamalo pomwepo. Anatsegula buku n'kulondola ndi chala, pang'onopang'ono monga amachitira, ndipo anapeza kuti pamenepo ndinadumpha mzere. Kutsogolo kunagogodanso. Apo ndinali nditatchula liwu lina m'malo mwa lina.

"Alamu!" anaitana. "Dzulo munali ndi ndani muno?"

"Ndekha ndi mwanayu."

"Simunamve kanthu?"

"Ayi."

Anandiika foni kukhutu. Nanenso ndinamva: go, go. Mwana kumbuyoku anasuzumira mzati wa kumapeto n'kuyamba kuusekerera.

Mkulu wa Sunganani, Amosi, mwamuna wanga, atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi chiswe chimenecho, apulofesa! Mizatiyi yadyeka. Loweruka ndikugwetsa chigafachi, ndimange china fodya asanakhwime."

Sunganani anatseka maso kuti ayese kuyenda m'chigafamo ndi maganizo, monga adzachitire m'mayeso. Atafika pamzati wachitatu, kutsogoloko kunali mdima. Mitu ina yonse inali isanakhazikike. M'maganizomo anaona mizati itaunjikidwa ngati nkhuni, za dothi lamchenga zitasakanikirana ndi za manyowa.

Amosi atanyamula khasu n'kupita, Sunganani anakhala pa mulu wa mikangala, dzanja lili pamzati wa kumapeto uja.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "kaya ndi chiswe kaya ndi ndani, sakulakwitsa. Ine achimwene sangandimvere, koma inu amakumverani. Mukawapemphe chigafachi chiime mpaka nditalemba. Ndipo mitu yatsalayi musakandiwerengere kunyumba. Muziwerengera mommuno, mokweza, kuti azimva bwino."