Botolo la Alamu Anga

Amuna anga atabwerako ku Harare, kumene boma linawatumiza kuti akawaotche chotupa cha khansa kukhosi ndi makina, chotupacho chinali chitaphwa ndithu, koma mkamwa munali mutaonongeka. Lilime, nkhama ndi m'masaya monse munali zilonda zotuwa ngati mkaka wosasa. Malovu ankatuluka onanda, ndipo fungo lake linkakulonjera uli pakhomo. Mphunzitsi wamkulu uja, woopedwa ndi ana onse, tsopano ankagwetsa misozi akaona supuni ya phala. Adokotala anali atanena mosabisa kuti akapanda kudya, njala idzawatenga khansa isanabwerere. Anati azichukucha mkamwa ndi madzi ofunda othira kamchere ndi soda, basi.

Tinkakhala m'nyumba ya pasukulu ku Mitundu, masiku aja polowa mumsika ankayamba akufunsa khadi la chipani. Pakhomo pa wodwala panalibe wofunsa khadi. Aliyense wodzazonda ankafika ndi kabotolo kake ka mankhwala ochukuchira. A masamba a gwafa ndinkawapirira. Koma wina anabweretsa madzi a nthula, ndipo amuna anga analavula magazi, n'kutha masiku angapo osameza kanthu.

Kukana kunali kovuta. Kwathu wobweretsa mankhwala amayamba walawa yekha anthu akuona, kuti achotse ufiti. Ukakana iye atalawa kale, wamutchula mfiti. Ndipo ine ndinali mkazi chabe. Mwamuna ndi wako akamalandira malipiro. Akadwala, eni ake amatulukira.

Zilonda zitayamba kuuma, m'mawa umene anapempha okha phala koyamba, anatulukira alongo awo aakulu a ku Nathenje, thukuta lili kamukamu. Anamasula botolo pansonga ya chitenje. Linali botolo la palafini, chotsekera chake chitsononkho. Mkati munali madzi akuda a makungwa a muwawani, tsabola ndi chidulo, thovu likuyandama pamwamba pamodzi ndi kaphiko ka mphemvu.

"Mlongo wanga, awa ndi oluma," anatero. "Chilonda chimamva mankhwala oluma."

Alamu angawo ankadya fodya wamkamwa, mano ali bii. Anapiringiza milomo pabotolo, n'kuchukucha mpaka masaya kutukumuka. Ndinkayembekeza kuti alavula panja. Ayi ndithu! Anabwezera m'botolo momwemo, chifukwa mankhwala a mtunda wautali satayidwa. Ulusi wa malovu ofiirira unalendewera kuchokera pamlomo pawo mpaka pakamwa pa botolo. Ndinanyansidwa ndi botololo, ndi alamuwo, ndi azibale onse odzazonda amene anakhala pamphasa akugwedeza mitu ngati aona zaulemu.

Amuna anga anatambasula dzanja. Sakanawakanira alongo amene anawabereka kumsana. Koma anandiyang'ana, kenaka anayang'ana mbale ya phala imene inkazizira pampando.

Ndinagwada, n'kulandira botolo lija ndi manja awiri.

"Alamu, inu mwalawa. Nanenso ndilaweko, poti ndine ndiziwapatsa."

"Lawani, alamu, palibe choipa."

Ndinatseka maso, n'kupendeketsa. Sindinachukuche. Ndinameza, ndi kumeza, palafini, tsabola, fodya wa eni, kaphiko kaja kakundikanda pakhosi, mpaka botolo linapepuka. Ndinaliika pansi lili gwa, lopanda dontho.

"Pepani, dzanja linaterereka," ndinatero.

Ndinathamangira kuseri kwa bafa, ndipo ndinasanza mpaka ndulu. Ndili komweko ndinkamva alamu akulira mokweza kuti mkazi uyu ndi wanjiru, wamwa dala mankhwala a mlongo wawo. Anakwera basi tsiku lomwelo osatsanzika.

Madzulo ake amuna anga anachukucha madzi awo amchere, n'kudya phala lothira nsinjiro mpaka kukombeza mbale. Anadya chaka chonsecho, anabwereranso m'kalasi, anaona mwana wathu woyamba akukwatiwa. Khansa inadzabwerera nthawi yokolola, ndipo ulendo uno sinawasiye.

Pamaliro ku Nathenje palibe mkazi anandikhalira pafupi. Mpaka lero kumeneko amanditchula mayi amene anamwa moyo wa mwamuna wake. Sindinapitepo kukadziyeretsa. Ndikangomva fungo la palafini ndimalavula, koma botolo lija atalibweretsanso, ndingalimwe mpaka pansi.